Mtanda Umene Sunawerame

Mlanduwo unabwera utatha kale. Sajeni sankaikonda milandu yotere.

Lachiwiri m'mawa, m'galaja yokonzera malole, mtanda wachitsulo unathyoka. Pamtandapo pankalendewera tcheni chokwezera katundu. Patchenipo panali injini ya lole. Pansi pa injiniyo panali munthu, makaniko amene anzake ankamutcha Girizi. Anasiya mkazi ndi ana atatu.

Lachitatu, injiniya wa pagalajapo amene anawerengera mphamvu za mtandawo anabwera yekha kupolisi. Mtsikana, zaka zake zosafika makumi atatu. Anaika pepala patebulo. Anati analakwitsa masamu, ndipo munthu wafa chifukwa cha iye. Anavula lamba ndi zingwe za nsapato asanauzidwe n'komwe.

"Ukufunanso chiyani?" bwana wa siteshoni anafunsa Sajeni. "Wakufa alipo. Wolakwa alipo, wavomera ndi pakamwa pake. Lolemba akaonekere kukhothi. Kupha munthu chifukwa chosasamala. Zaka zake akazimvera komweko."

"Lero ndi Lachinayi, bwana."

"Ndiye?"

"Ndipatseni mpaka Loweruka."

"N'chifukwa chake amangokusamutsa iwe. Mbuzi ikadzimangirira yokha pachikhomo, sufunsa kumene yatenga chingwe."

Sajeni anali atagwira ntchito m'matauni asanu ndi awiri. Sutikesi yake sankaimasula yonse. Anali ataona akuba akulira, zigawenga zikulumbira pamanda a amayi awo. Koma munthu wothamangira chitolokosi ngati akuthamangira basi, ameneyo anali asanamuonepo. Anapinda pepala lija, nalilowetsa m'thumba.

*

M'galajamo munkanunkha dizilo. Pamene panagwera injini anali atathirapo utuchi. Utuchiwo unali utada. Mtanda unali pansi, zidutswa ziwiri, chilichonse chotalika kuposa munthu. Pambali pake panali nambala yolembedwa ndi penti yoyera: matani 5.

Amene ankakoka tcheni tsikulo anali makaniko wina wochepa thupi, wa pakamwa posapuma. Anzake ankamutcha Wailesi.

"Ndinali apa, bwana, apa penipeni mwapondapo. Ayi, sunthani pang'ono. Eya, apo. Ine ndikukoka, injini ikukwera. Girizi walowa pansi, akuti paipi ina yakola. Ndikumuuza, aise, tuluka kaye. Iye akuti, iwe Wailesi, tathimitsa kaye siteshoni yakoyo. Mawu ake omaliza amenewo, bwana. Kundinyoza ine."

"Injiniyo imalemera bwanji?"

"Tani imodzi ndi theka. Kamwana. Takwezapo zoposa pamenepo kambirimbiri."

"Usanathyoke munamva chiyani?"

"Palibe."

"Palibe?"

"Ndi zimene zikundisowetsa tulozo. Ine zaka khumi ndi ziwiri m'magalaja. Chitsulo chimadandaula, bwana. Chikalemedwa chimalira, chimawerama, penti imayoyoka. Chimakupatsa mpata wothawa. Ine ndinathawapo kawiri, mpaka kusiya nsapato. Koma uwu ayi. Unangoti phwa! Ngati botolo."

Sajeni ananjuta. Pothyokapo panali ponyezimira, timiyalamiyala ngati shuga. Mtanda wonse unali wachikasu, koma chikasu cha pakati chinali chowala kuposa cha kumapeto. Anatulutsa kiyi. Anakanda kumapeto, pansi pake panatuluka penti yofiira. Anakanda pakati. Panatuluka chitsulo chakuda, chobiriwira ngati chilonda cha mkati.

"Injiniya anafika pano zitachitika?"

"Anafika akuthamanga. Anagwada pamene mwanjutapo. Theka la ola. Anakanda ndi chikhadabo ngati mmene mwachitiramo. Kenako anatuluka, anakasanza kuseri kwa matayala."

Kumbuyo kunamveka kutsokomola kwaulemu. Anali kapitawo wa galajayo. Ovolosi yosita, zolembera zitatu m'thumba la pachifuwa, manja opanda oyilo.

"Zachisoni, bwana Sajeni, zachisoni kwambiri. Imfa ilibe odi. Ndipo mtsikanayu timamukonda tonse. Koma sukulu ndi sukulu, ntchito ndi ntchito. Ife akale tinkaona ndi maso. Ana a lerowa amakhulupirira kompyuta."

"Penti iyi anapaka ndani?"

"Timapaka nthawi ndi nthawi. Ukhondo."

"Pakati pokha?"

"Mwina inathera panjira. Zinthu zadula masiku ano."

"Liti?"

"Milungu itatu yapitayo, ngati si inayi. Ine sindingadziwe bwino. Loweruka limenelo ndinali kuchipatala ndi mayi akunyumba, kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Mukhoza kukawafunsa."

Sajeni anatseka kabuku kake. Za Loweruka iye anali asanafunse.

*

Injiniya anakhala pabenchi ya m'chitolokosi, msana uli chilili, manja pamawondo. Ngati akudikira mayeso.

"Ndauza kale anzanu. Ndinalakwitsa."

"Ndiuzeninso ineyo. Masamu anandithawa ndili wamng'ono."

Mtsikanayo anapuma mozama.

"Chitsulo chili ndi malire awiri. Mukachikoka pang'ono chimatamuka, mukachisiya chimabwerera mwakale. Mukapitirira malire oyamba chimatamukabe, koma sichibwereranso. Chimakhala chopindika mpaka kale. Mukafika malire achiwiri chimaduka. Ntchito yanga n'kuwerengera pamene pali malire oyambawo, n'kuonetsetsa kuti katundu asayandikirepo."

"Ndiye munalakwitsa pati?"

"Ndinagwiritsa ntchito nambala ya chitsulo cholimba. Chimene tinagula chinali chofewa."

"Chofewa chimasweka ngati botolo?"

Zala za mtsikanayo zinafinya bondo.

"Wanena ndani zimenezo?"

"Wailesi."

"Wailesi amanena zambiri."

Sajeni anatambasula pepala lija. Manambala oima bwino, mizere yowongoka.

"Mtandawu munaupanga liti?"

"Zaka ziwiri zapitazo."

"Pepala la zaka ziwiri, la m'galaja, lopanda ngakhale chala cha oyilo."

"Ndinachita kukopera."

"Loyambalo lili kuti?"

"Linatayika."

"Nanga penti ya pakati paja?"

Mtsikanayo anayang'ana khoma.

"Bambo, lembani kuti ndine. Munthu wafa, ana ake akufuna wolakwa. Ndabwera ndekha. Mukuvutikiranji?"

"Mukudziwa kuti zikhoza kukhala zaka zisanu? Ndipo ntchito ya uinjiniya simudzaigwiranso."

"Ndinawerengera kale," anatero. "Kuwerengera ndiye ntchito yanga."

*

Lachisanu m'mawa Sajeni anakwera basi ziwiri kupita kukoleji ya zaumisiri. M'chikwama anali ndi tizitsulo tiwiri totalika ngati chala, timene Wailesi anamuchekera ndi sowo. Kena kochokera kumapeto kwa mtanda, kena pafupi ndi pothyoka. Mphunzitsi amene anamuyankha pafoni ndi amene analamula zimenezo.

Anali mayi wa imvi, wamfupi, choko chili mbuu m'zala ndi pasiketi. Anangoona pepalalo n'kuvula magalasi.

"Dzanja ili ndikulidziwa. Mwana ameneyu ndamuphunzitsa zaka zinayi. Akalakwitsa masamu ameneyu, ine ndisiya ntchito ndikagulitse tomato."

"Akuti analakwitsa."

"Akuti. Khalani apo, bambo wapolisi. Musagwire kanthu."

Anajambula mzere pabolodi. Unakwera mowongoka ngati makwerero. Kenako unapinda bondo, n'kuyenda chogona mtunda wautali, n'kuthera m'malere.

"Uwu ndi moyo wa chitsulo. Chokwerachi, chitsulo chikutamuka n'kumabwerera. Pabondopa chagonja. Kuyambira apa mpaka apo chikupindika, chikuchenjeza, chikukuwa kuti thawani. Mtunda wogonawu ndi umene umapulumutsa anthu. Mwamva?"

"Ndamva."

"Ophunzira anga amateronso. Bwerani kuno."

Pakompyuta analowetsa utali wa mtanda, kukhuthala kwake, ndi pamene tcheni chimakoka. Mtanda unaoneka pagalasi, utagawidwa timabokosi mazanamazana.

"Kabokosi kalikonse kompyuta ikukafunsa kuti, iwe walemedwa bwanji, wagonja kapena ukadali moyo? Tiyeni tiusenzetse."

Tani imodzi ndi theka. Mtanda wonse unakhala wobiriwira. Matani asanu. Unawerama pang'ono, katundu atachotsedwa unabwerera. Matani asanu ndi atatu. Pakati panafiira, ndipo atachotsa katundu mtandawo unatsala wokhota.

"Apo ndiye pabondo. Matani asanu ndi atatu, osati imodzi ndi theka. Tsono tiyeni timukhulupirire mwanayu. Tiike chitsulo chofewa chimene akunenacho." Anasintha nambala. "Mwaona? Tani imodzi ndi theka sikuchita kanthu ngakhale pamenepa. Ndipo mutauthira katundu mpaka ugonje, ungawerame ngati nkhalamba yofuna ndodo. Malemuyo akanatuluka, kukamwa tiyi, n'kubweranso kudzaonerera. Bodza lake walilemba mwaukhondo, koma ndi bodza la munthu wosazolowera."

Pakona panali makina okoka zitsulo, aatali kufika kudenga. Mayiyo anamangirira kachitsulo koyamba, ka kumapeto. Makina anang'ung'udza. Pagalasi mzere unakwera, unapinda bondo, unagona. Kachitsuloko kanatalika, kanaonda m'chiuno ngati chingamu, kenako kanaduka mofatsa.

"Monga mwa buku. Chitsulo chimene anagula n'chimene anawerengera. Patseni kachiwiriko."

Makina anang'ung'udzanso. Mzere unakwera. Unapitirira pamene panali bondo. Unakwerabe. Sajeni anasendera pafupi.

Phaa!

Anadzidzimuka, dzanja lili kale m'chiuno mmene munalibe mfuti. Pagalasi mzere unathera m'mwamba, wowongoka, wopanda bondo.

"Mtanda umodzi, zitsulo ziwiri," anatero mphunzitsi. Mawu ake anali atatsika. "Ndikuuzeni zimene zinachitika. Wina anausenzetsa katundu woposa matani asanu ndi atatu, unakhota. Wina anauwotcha pakati mpaka kufiira, anauwongola. Mpaka apo ndi kupusa wamba. Koma kenako anauthira madzi uli wofiira. Chitsulo ichi chili ndi kaboni wochulukirapo. Mukachiziziritsa mwadzidzidzi chimauma gwa, chimang'aluka timing'alu tosaoneka ndi maso. Chimalimba, inde. Koma mtunda wogona uja umatha. Sichichenjezanso."

"Kompyuta yanuyi sikanadziwa?"

"Masamu athu amaganiza kuti chitsulo n'chimodzimodzi kuyambira uku mpaka uko. Za ndowa ya madzi sadziwa."

"Nanga mtsikanayu, ataona pothyokapo?"

"Anadziwa nthawi yomweyo. Ndinamuphunzitsa ndine."

"Ndiye kuti akubisa munthu."

Mayiyo anavalanso magalasi, nayamba kufufuta bolodi.

"Amenewo si masamu anga, bambo wapolisi."

*

Mlonda wa pagalaja anali munthu wa mawu ochepa. Anaima pageti, chipewa chili m'manja.

"Ine ndimatsegula geti. Ndimatseka geti."

"Loweruka la milungu itatu yapitayo munatsegulira ndani?"

"Loweruka sitigwira ntchito."

"Sindinafunse zimenezo."

Mlonda anayang'ana ku ofesi ya kapitawo. Chitseko chinali chotseka.

"Ndili ndi ana asanu, bwana."

"Girizi anali nawo atatu."

Chipewa chinazungulira m'manja kawiri.

"A kapitawo. Naini koloko. Ndi lole yachilendo, itanyamula chigudumu cha makina osalazira msewu. Ganyu yawo yapadera, eni galaja osadziwa. Anati ndikayendeko. Pobwera ndinapeza lole yapita, iwo ali thukuta kamukamu, akuyang'ana kudenga."

"Kuchipatala sanapite?"

"Kaya ndi mzimu wawo unapita."

"Kenako?"

"Anaimba foni. Masana kunabwera munthu wina. Anagwira mpaka dzuwa kupendeka, ndi Lamulungu lomwe. Ndinkangomva gasi akulira. Anandibwereka ndowa yanga yosambira. Anabweza ili ndi mwaye."

"Ndani?"

"Bwana, munthu uja ndi wabwino. Maliro a mkazi wanga anandithandiza kunyamula."

"Dzina."

Mlonda anavala chipewa chake.

"Geti ndimatsegula. Pakamwa ndatsegula mokwanira."

Sajeni sanamukakamize. Anabwerera kusiteshoni dzuwa likadali pamwamba. Pabenchi ya panja panakhala mkulu wina, atafungatira kontena ya chakudya yokulunga m'nsalu. Maso ofiira, otuluka misozi yokha. Manja odzaza timabala toyera, takale, ta moto.

"Ndani uyo?" Sajeni anafunsa wapolisi wa pakauntala.

"Bambo ake a injiniya uja. Amabwera kawiri patsiku. Mwana akukana kuonana nawo, chakudya chokha ndiye timalowetsa."

"Amagwira ntchito yanji?"

"Simukuwadziwa? Ndi owotcherera a kugalaja komweko. Chichitikireni ngoziyi sanapitekonso."

*

Loweruka m'mawa Sajeni anawapeza bambowo kwawo. Nyumba ya zipinda ziwiri kumapeto kwa kanjira. Kuseri kunali kashedi ka malata, mbaula ya makala, chitsulo chosulirapo, ndi chitini cha madzi akuda. Mkuluyo ankasula tchizulo. Anachichotsa pamoto chili psuu, anachimenya kanayi, nachiviika m'madzi. Tsss. Nthunzi inakwera.

"Pepani bwana, manja akakhala chete mutu umandizungulira. Khalani pampandopo. Ndi wolimba, ndinawotcherera ndekha."

Sajeni anakhala. Pakhoma la shedi, m'pulasitiki, munali chithunzi cha mtsikana atavala mkanjo wa omaliza maphunziro.

"Mayi ake anatisiya ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Ndamulera ndi ndodo zowotcherera zomwezi. Ali kamwana ankandiwerengera ma inchi ine ndisanatulutse tepi. Bwana, mwana wanga salakwitsa masamu."

"Iye akuti analakwitsa."

"Ndi mantha. Mtima wake ngwofewa, watengera mayi ake." Anapukuta maso ndi mkono. "Ndakhala ndikufuna kukuonani. A kapitawo anandiletsa, akuti ndikayankhula ndimuonjezera mlandu mwanayu. Koma masiku anayi ndaganiza. Ndaona kuti zikhoza kumuthandiza."

"Musanayankhule, madala, dziwani kuti zimene munene ndilemba. Zikhoza kukafika kukhothi."

"Lembani. N'zimene ndikufuna. Lembani kuti mtanda uja unali wolimba. Ndinaulimbitsa ndekha ndi manja awa."

Sajeni anatulutsa kabuku. Cholembera chinamulemera.

"Yambani poyambira."

"A kapitawo anandiimbira Loweruka. Ndinapeza mtanda wakhota pakati, zala zitatu. Anati wakhota ndi giyabokosi wamba. Anati eni galaja akaona Lolemba, mwana wanu ntchito yatha, ndipo mbiri ikamveka palibe adzamulembenso. Ndinati a kapitawo, ndipatseni gasi ndi jeke, mwanayu asamve kanthu."

"Chigudumu munachiona?"

"Chigudumu chanji?"

"Pitirizani."

"Tinautsitsa. Ndinauwotcha pakati mpaka kufiira ngati chitchizulo ichi. Jeke pansi, pang'onopang'ono. Ndinayesa ndi chingwe, unawongoka ngati kandulo. A kapitawo akuti basi, tipake penti. Ine ndinati ayi. Chinthu chakhota kamodzi, ndiye kuti n'chofewa. Chikufunika kuchilimbitsa." Mkuluyo anawongola msana, nkhope inawala pang'ono. "Izi za kusukulu sakuphunzitsa, bwana. Anandiphunzitsa amene anandiphunzitsa ntchito, zaka makumi anayi zapitazo. Nkhwangwa, tchizulo, chikwanje, ukafuna chisagonje, umachimwetsa madzi chili chofiira. Ndinauwotchanso Lamulungu. Ndowa zinayi. Ndinati mtanda wa mwana wanga usadzachitenso manyazi."

"Iye munamuuza?"

"Ndimuuze kuti masamu ake akhota? Ayi. Lolemba anadutsa pansi pake, sanayang'ane n'komwe kumwamba. Ndinasangalala."

Makala anathetheka m'mbaula. Kutsidya kwa mpanda mayi wina ankakalipira mwana wokana kusamba. Sajeni anaganiza zoimirira, kutsanzika, kukakwera basi iliyonse. Anali atachokapo m'matauni ambiri. Koma Lolemba linali mkuja, ndipo m'chitolokosi munali munthu wosalakwa.

Anatsegula chikwama. Anayala tizitsulo tija pachosulira.

"Inu zitsulo mumazidziwa kuposa ine. Aka n'ka kumapeto kwa mtanda. Aka n'ka pakati, pamene munathira madzi. Tonse tinatikoka pamakina amodzi."

Mkuluyo anatola koyamba. Anakasisita m'chiuno moondamo, nagwedeza mutu movomereza. Anatola kachiwiri. Anakayandikitsa kumaso. Anatuluka nako pakhomo la shedi, kuti aone padzuwa.

Anakhala kumeneko nthawi yaitali.

"Tchizulo chikamwa madzi ambiri," anatero osatembenuka, "chimathyoka chonchi. Shuga yekhayekha mkati."

"Eya."

"Koma tchizulo n'chachifupi. Chimamenyedwa kumutu. Sichisenza kanthu pamsana."

Mkuluyo anatembenuza kachitsuloko m'manja.

"Mtanda uja ukanakhala wofewa, ukanawerama."

"Ukanawerama."

"Girizi akanaona."

"Mtanda sunakhote ndi giyabokosi, madala. A kapitawo anakwezera chigudumu cha matani oposa asanu ndi atatu. Masamu a mwana wanu anali olondola kuyambira pachiyambi."

Mkuluyo anabwerera m'shedi. Anafuna kukhala, mpando anauphonya, anakhala pansi pa makala ozima. Kachitsulo kanali kakadali m'manja.

"Iye akudziwa?"

"Anadziwa Lachiwiri lomwelo. Anangoona pothyokapo."

"N'chifukwa chake akukana kundiona."

"Akuopa kuti mungamufunse, iye n'kulephera kunama."

Mkuluyo sanalire. Anadzuka, anathira madzi a m'chitini pambaula, moto unazima. Analowa m'nyumba. Anatuluka atavala jekete lakuda la kumaliro, lothina m'mapewa.

"Tiyeni, bwana. Mwanayo wagona pasimenti masiku atatu."

*

Apolisi anawatenga a kapitawo masana, akutsuka galimoto pakhomo pawo. Mkazi wawo atafunsidwa za kuchipatala anangoti, "Chipatala chiti?" Panjira yonse a kapitawowo ankanena za Mulungu ndi za loya.

Bwana wa siteshoni anawerenga sitetimenti ya mkulu uja kawiri.

"Unali ndi wolakwa mmodzi wofuna yekha. Tsopano wandibweretsera awiri, ndi wachitatu wonamiza apolisi."

"Wachitatuyo ndi mboni, bwana. Popanda masamu ake, a kapitawo akana chigudumu, mlandu wonse ugwera madalawa."

"Kamutulutse. Ndisakuonenso mpaka Lolemba."

Chitseko cha chitolokosi chinalira potseguka. Injiniya anaimirira. Anaona Sajeni. Kenako anaona amene anaima kumbuyo kwake, m'jekete lakuda.

"Ayi," anatero. "Ayi. Ababa, pitani kunyumba. Musanene kanthu. Bambo inu, mwawauza chiyani? Ndinakuuzani kuti ndine!"

"Ndanena kale zonse, mayi," anatero mkuluyo.

"Simukudziwa zimene mukunena. Ndi masamu. Ndinalakwitsa nambala, inu simungazimve."

"Shuga ndamuona ndi maso angawa."

Mtsikanayo anakhalanso pabenchi, nagwira m'mphepete mwake ndi manja onse awiri.

"Sindituluka."

"Tuluka. Malowo ndi anga."

"Muli ndi zaka makumi asanu ndi limodzi mphambu zinayi. Chifuwa chanu chija. Kundende simukatha chaka."

"Nanga ine ndikhale panja, ndizidya, ndizigona, iwe uli muno chifukwa cha ndowa zanga? Ukufuna undiphe kawiri?" Anatambasula manja ake. "Ndinakutumiza kusukulu kuti uzikanena zoona za chitsulo. Ine ndinkangochimva ndi manja. Taona kumene manja andifikitsa."

Sajeni anayang'ana pansi. Pasimenti panali mzere wa nyerere wopita ku kontena ya dzulo. Chakudya chinali chosakhudzidwa.

"Mayi," anatero, "khothi lifuna pepala lina. Loona. Lonena katundu amene anakhotetsa mtanda, kuti a kapitawo asathawe. Likhoza kuwapeputsira bambo anu, poti ananamizidwa. Sindikulonjeza."

"Ndi lonenanso chimene chinauthyola."

"Ndi chimenechonso."

"Mukufuna ndiwamange ndi dzanja langa."

"Mphunzitsi wanu akhoza kulemba. Koma mtandawo mukuudziwa ndinu."

"Lemba iweyo," anatero mkuluyo. "Mkazi wa Girizi amve kwa ife, osati kwa alendo."

Mtsikanayo anatuluka pang'onopang'ono, akugwira khoma. Pakhomo anayandikana, phewa ndi phewa, m'kanjira kopapatiza. Mkuluyo anakweza dzanja ngati afuna kumugwira kumutu, koma analibweza, nalowa. Wapolisi wa makiyi anatseka.

Mu ofesi Sajeni anamupatsa mpando, mapepala ndi cholembera. Mtsikanayo anajambula mtanda, analemba utali ndi kukhuthala kwake. Manambala anatsika mofulumira mpaka pa matani asanu ndi atatu. Anadula mzere pansi pake. Gawo la kapitawo linathera pamenepo.

Anatenga pepala lachiwiri. Cholembera chinaima m'mwamba.

"Anati ndowa zingati?"

"Zinayi."

Mtsikanayo anapukuta kumaso ndi kuseri kwa dzanja, kuti pepala lisanyowe. Kenako analemba.